Za kamwana ka gwape kaja: mayi ake anabwera

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za kamwana ka gwape komwe ana anga anakatola m'thengo kumapeto kwa munda wathu, poganiza kuti ndi kamasiye. Ena munati tikalere pakhomo, tizikapatsa mkaka wa ng'ombe. Ine ndinamvera achimwene aja amene anati tikabwezere pomwe tinakapeza, chifukwa gwape amabisa mwana wake mu udzu n'kupita kukadya, ndipo amabwerako kudzamuyamwitsa.

Tinakabwezera masana omwewo, agalu tinawamangirira. Kunena zoona mtima unali m'mwamba, ana akulira kuti afisi akadya. Chakumadzulo ndinakabisala chapatali, ndipo mdima uli pafupi kugwa ndinaona mayi ake akutulukira mwakachetechete. Kanadzuka n'kuyamba kuyamwa. Misozi inalengeza m'maso mwanga.

Ndaphunzirapo kuti kanyama kogona phee, kopanda bala, nthawi zambiri sikamasiye. Mukaona kuti mayi wafa kapena wakodwa mu msampha, apo m'pofunika kuthandiza: dziwitsani a Lilongwe Wildlife Centre kapena a nthambi yoona za nyama zakutchire. Kusunga nyama yakutchire pakhomo popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo mkaka wa ng'ombe umatha kukatsegula m'mimba.