Ndingawapeze kuti mabuku a mbiri ya mfuti muno mu Harare?

Abale ndi alongo, ndigawireniko nzeru. Ndikusonkhanitsa mabuku ofotokoza mbiri yeniyeni ya mfuti, osati nkhani zopeka ayi. Imene yanditenga mtima ndi Lee-Enfield .303, yomwe asilikali akwathu ku Nyasaland a King's African Rifles ananyamula ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndikufunanso buku la mfuti ya Maxim, ija inapulula Amandebele ku Shangani mu 1893. Nkhani imeneyo imandiwawa mpaka lero.

Ogulitsa m'misewu ya m'tauni angodzaza mabuku a sukulu okhaokha. Limodzi la AK-47 ndinalipeza ku Avondale, koma masamba a zithunzi chiswe chinadya. Alipo akudziwa wogulitsa mabuku akale, kapena amene amaoda ku Johannesburg pamtengo wofikirika? Ngakhale long'ambika chikuto ndigula ndithu.