Maprawns a bang bang akufewa asanafike pa tebulo, vuto lili pati?

Chef_wa_usiku

Akuluakulu anzanga, ndithandizeni nzeru. Taika pa menyu maprawns okazinga aja othira sosi ya mayonezi yotsekemera komanso yowawa pang'ono, amene ambiri amawatcha bang bang shrimp. Potuluka m'mafuta amakhala bwinobwino, ukaluma amakukutika. Koma tikangowathira sosi n'kumupatsa weyita, pofika pa tebulo chikuto chija chafewa kale, china chikusupuka n'kutsalira m'mbale. Makasitomala ena ayamba kubweza mbale.

Timachita motere: timatenga maprawns a mu freezer, timawasungunula m'beseni la madzi, kuwaviika m'dzira, kenako mu fulawa wa tirigu wothira mchere ndi tsabola, n'kuwaponya mu fryer. Sosi ndi mayonezi, sweet chilli ndi sriracha (sosi ziwiri za tsabola), ndipo timathirako madzi a ndimu kuti isalimbe kwambiri. Ine ndikukayikira sosiyo. Ndisinthe mtundu wa mayonezi kapena?

Mkulu_wa_khitchini

Musayambe mwaimba mlandu mayonezi, achimwene. Tatengani kaye paketi ya maprawnswo muwerenge kumbuyo, mutiuze zomwe zalembedwa pa ingredients komanso saizi yake. Ndiye mutiuzenso zoona zake: oda ikachuluka, mumathira angati mu basiketi nthawi imodzi, ndipo mukathira sosi mbaleyo imadikira nthawi yayitali bwanji?

Chef_wa_usiku

Paketi yalembedwa shrimp, water, salt, sodium tripolyphosphate. Saizi ndi 26/30. Basiketi timaidzaza ndithu zikavuta. Ndipo kuti tisachedwe timasakaniza ambiri m'mbale imodzi yaikulu n'kuwaika pansi pa nyali yotenthetsa, aliyense azingopakula.

Wogula_katundu

Ndiye mwadziyankha nokha theka la funsolo, a chef. Ine ntchito yanga ndi yogula, ndiye ndiyambire komweko.

Sodium tripolyphosphate ameneyo, ena amangolemba E451, ndi mankhwala amene amaviikamo maprawns asanawaumitse mu freezer kuti nyama igwire madzi. Ndi ololedwa ndipo sadwalitsa munthu, koma kwa wokazinga ndi mdani. Madzi amene nyamayo yamwa amatuluka ikatenthedwa, ndipo amatulukira pansi pa chikuto chanu. Nthunzi imakankha ufawo kuchokera mkati, n'chifukwa chake mukuona chikuto chikusupuka chathunthu ngati sokosi. Mumawazindikira ngakhale osawerenga paketi: amaoneka onyezimira mopitirira, amaterera m'manja, ndipo akapsa amakhalabe owala ngati sanapse.

Pamwamba pa izo pali ayezi uja amawakutira, amene pa malonda timati glaze. Chitani izi kamodzi kokha muone: pimani kilo imodzi ali chichokereni mu freezer, muwasungunule mu furiji pa sefa, mupimenso mawa lake. Zomwe zachokazo ndi madzi amene mwalipira. Mukamayerekeza ogulitsa awiri, yerekezani kulemera kwa pambuyo posungunula, osati kwa pa katoni.

Pooda, nenani momveka: aawisi, osenda ndi ochotsa kamtsempha kakuda ka pamsana, oumitsidwa limodzilimodzi, omwe pa katoni amalemba IQF, ndipo opanda phosphate. Pa ingredients pazilembedwa shrimp ndi salt basi. Ambiri amene ali pa msika ndi a mtundu wa vannamei, oweta m'madamu ku Ecuador, India, Vietnam ndi Indonesia. Black tiger aliponso, nyama yake ndi yolimbako, koma pa chakudya chimene chikakutidwe ndi ufa ndi sosi sindiona chifukwa cholipirira zambiri. Nambala ija 26/30 ikutanthauza kuti pa paundi imodzi, magalamu 454, pali maprawns pakati pa 26 ndi 30. Saiziyo ndi yabwino, ngakhale 31/40 imachitanso bwino chifukwa munthu amangoponya mkamwa kamodzi. Musayerekeze kugula ophikaphika aja ofiira kale. Mukawakazinganso amasanduka mphira.

Katoni ikafika ndipo mkati mwa paketi muli chibuma chimodzi cha ayezi, maprawns atamatirirana, dziwani kuti anasungunukapo pa njira n'kuumitsidwanso. Mukamva kafungo ka ammonia, bwezani osakambirana.

Chef_wa_usiku

Zamveka. Koma mu freezer muli makatoni a phosphate omwewa, sindingawataye. Pali njira yowapulumutsira?

Mkulu_wa_khitchini

Ilipo, kungoti muvutikirapo. Lekani za beseni la madzi zija. Asungunukire mu furiji usiku wonse, pa sefa yokhala ndi thireyi pansi kuti asagone m'madzi awo. Zikakuthinani, aikeni m'pulasitiki yotseka bwino pansi pa mpopi wa madzi ozizira, osati ofunda. Mukatero muwayale pa nsalu yoyera, ina pamwamba, mupsinje pang'ono. Kenako abwerere mu furiji osavundikira, pa thireyi ya waya, kwa ola limodzi. Mukagwira azimveka omata pang'ono ku zala, osati onyowa.

Mukadzapeza opanda phosphate, pali kanzeru kena: pa kilo imodzi thirani masupuni aang'ono awiri a mchere ndi theka la supuni yaing'ono ya soda wophikira, musakanize, akhale mphindi 15 kapena 30 mu furiji. Nyama imalimba bwino, imathetheka poluma. Koma pa amene muli nawo panowa musatero, ali ndi mchere kale.

Tsopano fulawa. Fulawa wa tirigu akakumana ndi chinyezi amapanga gluten, chinthu chomata chija cha mu tirigu, ndipo chikuto chotere chimamwa sosi msanga. Sinthani mugwiritse cornflour, sitachi ya chimanga ija, osati ufa wa nsima. Ine ndimasakaniza magawo atatu a cornflour ndi gawo limodzi la ufa wa mpunga. Ena amakonda potato starch, nayenso amauma bwino kwambiri. Dzira lathunthu lisiyeni, mugwiritse choyera cha dzira chokha kapena buttermilk (mkaka wowawasa) pang'ono, wongonyowetsa kuti ufa ugwire. Mukawagubuduza mu ufa, afinyeni pang'ono m'dzanja, musase wotsalawo pa sefa, ndiye muwasiye mphindi zisanu asanalowe m'mafuta. Mukaona ufawo wayamba kuoneka wachinyezi m'malo ena, ndiye kuti wagwira ndipo sukayoyokera mu fryer.

Za basiketi yodzaza ndiye ndisabise, pamenepo ndi pamene mukuphera chakudyacho. Mafuta azikhala pa madigiri 180. Mukaponyamo mulu wa maprawns ozizira, kutentha kumagwa, ndipo m'malo mokazingika amangomwa mafuta. Musakhulupirire nambala ya pa fryer, ikani thermometer yanu muone mmene akugwera. Ine lamulo langa ndi lakuti chakudya chisapose gawo limodzi pa magawo asanu ndi limodzi a mafuta, ndipo basiketi ina isalowe mafuta asanabwerere pa 180. Saizi yanuyo imapsa m'mphindi ziwiri, zikachuluka ziwiri ndi theka. Cornflour safiira ngati fulawa, ndiye auzeni anyamata anu asamadikire mtundu wa bulauni. Akapindika ngati C apsa, akafika pa O mwapitiriza. Potuluka agwere pa waya, osati pa pepala, chifukwa pepala limasunga nthunzi pansi pake.

Mayi_wa_masosi

Zonse zomwe anena a Mkulu n'zoona, koma sosiyo nayo siyingatuluke yopanda mlandu. Mchimwene wanga, madzi a ndimu mukuthirawo mukuwathirira chiyani? Mayonezi mbali yaikulu ndi mafuta. Ku America lamulo limati asachepere 65 peresenti, ndipo ambiri amaposa pamenepo. Mafutawo ndi amene amateteza chikuto chanu kuti chisamwe madzi. Mukaisungunula ndi ndimu mwatsegulira madzi khomo. Ngati mukufuna kakomedwe ka ndimu, palani khungu lake lobiriwira muthiremo, kapena ikani kachidutswa pambali pa mbale kasitomala afinye yekha. Onaninso kuti si mayonezi wa light, chifukwa mmenemo anachotsa mafuta n'kuikamo madzi ndi sitachi.

Muyezo wanga ndi makapu awiri a mayonezi pa kapu imodzi ya sweet chilli ya ku Thailand, sriracha kuyambira masupuni aakulu awiri n'kumalawa. Uchi sindithira, sweet chilli ali ndi shuga wokwanira. Mayonezi wa Kewpie wa ku Japan amapangidwa ndi chikasu cha dzira chokha, ndi wolemera mkamwa ndipo amamatirira bwino, koma mayonezi aliyense wolimba amagwira ntchito. Ipangeni m'mawa igone mu furiji kuti zokometsera zilowane.

Koma chimene chandiwawa mtima ndi nyali yotenthetsa ija. Mayonezi akatenthedwa amasweka, mafuta amapatukana n'kuyenderera. Ndiye inu mukuika sosi ya dzira pamalo ofunda kwa nthawi yosadziwika, chikuto chikumwa, tizilombo tikusangalala. Chakudya ichi sichidikira munthu. Weyita aime kaye pa pass, pamalo potengera mbale paja, ndiye inu muzithira sosi. Pakani sosi m'mbali mwa mbale yachitsulo, masupuni aakulu awiri pa oda imodzi, muponyemo maprawns atapuma masekondi 20 pa waya, mutembenuze katatu kapena kanayi basi. Aziwala, osati kusambira. Pansi pa mbale musaike letesi wonyowa, muumitseni kaye, apo ayi kabichi wodula mopyapyala.

Wa_pa_fryer

Ine ndikusiyana nanu pang'ono akuluakulu. Bwanji osangogwiritsa panko, nyenyeswa za buledi za ku Japan zija? Kwathu ku ntchito panko amapirira sosi nthawi yayitali kuposa cornflour. Komanso nthawi ya oda zambiri timakazinga kawiri ngati nkhuku ya ku Korea: koyamba pa 165 kwa mphindi imodzi isanayambe service, kachiwiri pa 190 masekondi 40 oda ikabwera. Liwiro lake simungalifanizire.

Mkulu_wa_khitchini

Panko amapirira, sindikukana, koma chimene chimatuluka ndi chakudya china. Chikuto chimakhala chochindikala, munthu amamva buledi kuposa prawn. Za kukazinga kawiri, pa nkhuku inde, chifukwa ntchafu ili ndi mafuta ake ndipo imakhululuka. Prawn ya 26/30 ikalowa m'mafuta kawiri yatsala pang'ono kukhala chingamu. Ndiye palinso nkhani ya maprawns opsa mwatheka amene akhala panja pa furiji kudikira oda. Chinthu chopsa m'mphindi ziwiri sichifunika kuchikonzeratu, chofunika ndi thireyi ya maprawns ouma ndi ufa zili pafupi ndi dzanja.

Wa_pa_fryer

Timawabwezera mu furiji, bambo, sitiwasiya panja. Ndipo timagwiritsa maprawns okulirapo, a 16/20. Pa saizi ya a chef aja mwina mukunena zoona.

Wophunzira_kuphika

Pepani ndifunse nawo, ndine watsopano pa ntchitoyi. Chakudya chimenechi ndi cha ku Thailand? Kasitomala wina anandifunsa ndinangoti kakasi.

Mayi_wa_masosi

Ayi mwanawe, sosi zake ziwiri zokha ndi zomwe zili ndi mizu kumeneko. Dzina la sriracha likuchokera ku tauni ya Si Racha. Koma Bang Bang Shrimp anatchuka ndi malo odyera a Bonefish Grill ku America, amene anayambira ku St. Petersburg, Florida, m'chaka cha 2000. A P.F. Chang's ali ndi chawo chofanana nacho chotchedwa Dynamite Shrimp, ndipo ku Japan kuli ebi mayo. Ukayankha choncho wamaliza.

Woyang'anira_maweyita

Popeza mukusintha zinthu, musaiwale ife a kutsogolo. Maprawns ali m'gulu la zakudya zimene zimadzetsa allergy yoopsa, ndipo mafuta amene mwakazingiramo prawn sakhalanso abwino kwa munthu wotero. Ngati tchipisi tikutuluka mu fryer yomweyo, tiuzeni kuti tizichenjeza anthu, kapena patulani fryer imodzi. Mu sosi muli dzira, mu buttermilk muli mkaka. Maprawns ena amathiridwa sulphite kuti asade mawanga, nazonso zilembedwe. Ndipo musathamangire kulemba gluten free chifukwa choti mwasiya fulawa, pomwe m'mafuta omwewo mukulowa zina za fulawa.

Chef_wa_usiku

Ndabwera ndi lipoti. Tinaumitsa maprawns pa waya monga munanenera, nsalu ziwiri zinanyoweratu. Cornflour ndi ufa wa mpunga, choyera cha dzira, theka la basiketi. Thermometer inaonetsa kuti basiketi yodzaza ija imagwetsa mafuta kufika cha m'ma 150. Ndimu tachotsa, mbale yaikulu ya pansi pa nyali yapita. Ndinaika mbale imodzi pambali dala, nditalawa patatha mphindi khumi inali ikukukutikabe, ngakhale a pansi anali atayamba kufewa. Mayonezi ndi yemwe uja, sitinasinthe. Wogulitsa wathu wati opanda phosphate angathe kutipezera koma a 31/40 okha, ndavomera.

Chatsala ndi oda za delivery. M'bokosi lotseka akufika atafewa ngakhale titachita zonsezi.

Mayi_wa_masosi

Pa delivery musathire sosi n'komwe. Ipite m'kakapu kake kotseka, yozizira, ndipo mulembe pa chivundikiro kuti athire okha akafika. Maprawns apume mphindi imodzi pa waya asanalowe m'bokosi.

Wogula_katundu

Ndipo bokosilo likhale la katoni lokhala ndi timabowo, osati pulasitiki yotseka. Ngati muli ndi apulasitiki okha, boolani chivundikiro pangodya ziwiri kufikira katundu watsopano atabwera. Mukalandira a 31/40 aja muchepetseko nthawi ya mu fryer, muyambire pa mphindi imodzi ndi theka n'kudula limodzi muone mkati.