Thanki yabooka, akuti ndi klorini

Mlembi: Mwadzuka bwanji akwathu. Onani chithunzicho, thanki yathu ya kumtunda kwa Likhubula ikudontha pansi, timabowo ngati tobaya ndi singano. Amayi ajambula mmawa uno.

Achimwene aku Joni: Eee?? Yomwe tinasonkhera Freddy atangodutsa mu 2023 ija? Munatiuza ndi stainless sichita dzimbiri. A msungichuma munagula chani kodi

Msungichuma: Lisiti ndinaponya pompano. Kwerani mmwamba mulipeza.

Aphunzitsi: Pepani ndilowelere. Timabowo totere ndi ntchito ya klorini. Stainless imapirira chifukwa muli chromium (mtundu wina wa chitsulo) wosachepera 10.5%, ameneyu akakumana ndi mpweya amapanga kachikopa pamwamba kosaoneka ndi maso. Tsono klorini ndi banja limodzi ndi fluorine, bromine ndi ayodini, timawatchula ma halogen, onse ali ndi ma elekitironi (tinthu ting'onoting'ono tozungulira mu atomu) 7 kunja akusowa imodzi kuti akwane 8, ndiye akapeza chitsulo amachikakamira ngati nkhupakupa pakhutu la galu poti chitsulo sichiumira ma elekitironi ake

Aphunzitsi: Sagwera paliponse ayi, amasankha pofooka, pokandika kapena powotcherera. Akakhazikika amakankha okosijeni, kachikopa kaja nkubooka, kenako amakoka atomu ya chitsulo nkusungunuka nayo mmadzi. Mkadzenjemo timadzi timasanduka asidi, anzake nkumabwerabe, bowo likulowa mkati koma pamwamba pakuwala bwinobwino ngati yatsopano

Mayi a ku Chitakale: Aphunzitsi ife sukulu tinalekera panjira

Aphunzitsi: Mayi mukuzidziwa kale inu. Siyani ndiwo zamchere mpoto wa aluminiyamu masiku angapo, mukamakwecha muona timadontho tolowa pansi pa potoyo. Mumchere muli klorini yemweyo, kungoti analanda kale elekitironi yake.

Achimwene aku Joni: Zonsezo ndamva koma funso langa silinayankhidwe

Aphunzitsi: Ndikubwera komweko. Nthawi ya kolera ndinaona ndi maso angawa mnyamata wa pathanki akukhuthulira HTH wa ufa, mankhwala othira mmadzi aja, ndi kapu ya pulasitiki, osayamba wasungunula mu ndowa. Ufa umenewu uli ndi klorini 65 mpaka 70%, umakadikha pansi nkumadya malo amodzi usiku wonse. Pampopi pamangofunika 0.2 mpaka 0.5 mg pa lita basi. Ndinanena pa msonkhano munati ndikudzionetsa.

Mayi a ku Chitakale: Mnyamata mukunenayo ndi mwana wa achemwali anga. Anthu akugona ku chipatala iye amakwera phiri mbandakucha mvula ili pamsana, mpaka lero sanalandire olo sopo. Lero akhale wolakwa ndi iyeyo? Amene anamupatsa chigubu osamuuza muyezo ndani

Wapampando: Tiyeni tilemekezane chonde, pagulu pano pali amfumu

Aphunzitsi: Sindikumunyoza mwanayo mayi. Komanso stainless ilipo mitundu. 304 ndi yotchipirako, 316 anaikamo chitsulo china chotchedwa molybdenum 2 mpaka 3% ndiye imalimbana ndi klorini bwinoko. Ndi maso simungasiyanitse.

Achimwene aku Joni: Ehee apo! Ndiye ife tinalipira iti, anatibweretsera iti??

Msungichuma: Lisiti langolemba thanki ya stainless. Ine sindine injiniya.

Achimwene aku Joni: Ngati lisiti la simenti ya mlatho lija, matumba anathera mmalere. Ife kuno tikugona atatu chipinda chimodzi kuti titumize kangachepe inu nkumati kwerani mmwamba

Msungichuma: Nkhani ya mlatho inakambidwa kwa amfumu inatha. Inuyo za chipepeso cha mwezi watha mwapereka?

Mlembi: Owotcherera pa Chitakale akuti atha kumata

Aphunzitsi: Ayi ayi, powotcherera ndi pamene pamayambira, kutentha kumasokoneza chromium uja. Mukamata khumi patuluka ena. Bola ya pulasitiki, klorini alibe pogwira, ndipo mankhwala azisungunulidwa kaye mu ndowa, adikhe, muzithira madzi apamwambawo.

Achimwene aku Joni: Ndalama ina?? Ine khobidi langa silituluka mpaka buku lonse lijambulidwe tsamba ndi tsamba liponyedwe pano

Wapampando: Tikumana Loweruka tikambe maso ndi maso

Achimwene aku Joni: Maso ndi maso ife tili kuno?

Mayi a ku Chitakale: Nanga madziwo timwe kapena tisamwe, ana abwera ndi zigubu

Mlembi: A msungichuma atuluka pagulu. Ali ndi nambala yawo ina awabwezeremo, buku lili kwa iwo