Laputopu ya ku Limbe ija, ndigule kapena ndisiye?

Bambo a Tadala: Moni aphunzitsi nonse. Ine ndi uja ndinalowa m'gulu muno mwezi watha, ndinali wa zamagetsi ku fakitale ya tiyi zaka 13, ntchito itatha ndi pomwe ndinayamba kuphunzitsa Physics ndi masamu pa sukulu ina ya pulaiveti kuno ku Luchenza. Pali mnyamata ku Limbe akugulitsa laputopu ya HP yogwiritsidwa kale ntchito, akuti K380,000, ndipo ndalama yake ndi yomweyo inatsala pa ya penshoni. Ndimati ndiziwaonetsa ana ma simulation a PhET (zoyeserera za sayansi za pa kompyuta) komanso chaka chamawa ndikufuna kufunsira malo ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi ndiziphunzira ndili kunyumba. Ndigule kapena ndikungotaya ndalama?

Madam Nachisale: Gulani bambo osachedwa. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 ine ndinali ndikudikira kuti mtengo utsike, lero ndikulirabe. Ku Domasi ma assignment mudzalemba ndi chani, foni? PhET yo ndi yaulere, ndi ya University of Colorado, mumaikopera kamodzi kenako imagwira popanda intaneti, GeoGebra ya masamu chimodzimodzi

Sir wa ku Chitakale: Madam mwayankha msanga. Achimwene m'kalasi mwanu muli ana angati?

Bambo a Tadala: Fomu 3 alipo 84

Sir wa ku Chitakale: Ndiye ana 84 adzaunjikana pa kagalasi ka mainchesi 14? Aona ndi a kutsogolo asanu okha, enawo azingocheza za mpira. Popanda projekita chimenecho ndi chanu chokha osati cha ana, ndiye projekita yonso ndi ndalama ina, magetsi akathima basi phunziro latha

Madam Nachisale: kkkk inu a Sir mumadana ndi chilichonse cholumikiza ku soketi

Bambo a Tadala: Kunena zoona chomwe chandipangitsa kuganiza zimenezi ndi cha Lachiwiri lapitali. Ndimaphunzitsa Ohm's law, chinthu choti ine ndachigwira ndi manja zaka zonsezi, ndalemba V = IR pa bolodi, ndafotokoza mpaka choko chatha, ndifunse kuti mwamva onse eeee. Ndawapatsa funso limodzi loti apeze R (resistance), mwa ana onsewo akhoza 6. Mtsikana wina kumbuyo anandifunsa kuti sir current yo imatha ikadutsa mu babu? Ndinangoima ndithu, yankho ndikulidziwa koma poyambira kumufotokozera sindinapaone, ndinabwerera kunyumba mutu uli gwa

Gogo Headmaster: Mwana wanga apo ndi pomwe pali nkhani, osati ku Limbe. Inu magetsi mumawadziwa kuposa tonse muno, ine ndinaphunzitsa Physical Science zaka zambiri isanagawidwe kukhala Physics ndi Chemistry koma mota ya fakitale sindinaitsegulepo. Chomwe simunaphunzire ndi mwana, momwe amasokonezekera. Funso la mtsikanayo ana amafunsa chaka ndi chaka, amaganiza kuti current ili ngati madzi mu ndowa, babu ikumwa. Mukanatenga mabatire awiri a tochi, mababu awiri ndi ammeter, muyeze mbali iyi muyezenso mbali inayo, aone yekha kuti nambala sikusintha, simukanatha choko. Ndipo R yo mwina sanalephere Physics, analephera change of subject ya masamu, bwererani kaye kumeneko

Sir wa ku Chitakale: Ndi TALULAR imeneyo gogo, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi, ku ma training a SMASSE a aphunzitsi a masamu ndi sayansi ndi nyimbo ya tsiku ndi tsiku. Achimwene multimeter muli nayo?

Bambo a Tadala: Ziwiri, ndi mawaya thumba lonse, amayi a Tadala amafuna kuzitaya akuti zikudzadza m'nyumba

Sir wa ku Chitakale: Aaa ndiye munthu ali ndi labu pansi pa bedi akufuna kukagula chithunzi cha labu kkkk

Madam Nachisale: Komatu musamunamize. Waves kapena radioactivity mudzaonetsa ndi mawaya? Ine half-life ana anga anaimvetsa pa laputopu pomwepo, ndimawaitana magulu a anthu 10 pa break, zimatheka bola kudzipereka. Ndipo za satifiketi musazitaye, masiku ano a Teachers Council akufuna munthu wolembetsa, kudziwa magetsi kokha sikukupatsani laisensi

Aunt Chemistry Thyolo: Ndalowa mochedwa koma ndinene zanga. Inenso sindinayambire ku uphunzitsi, ndinali mu labu, digiri ndinali nayo ndiye ndinakapanga UCE, satifiketi ya uphunzitsi, ku Chanco. Laputopu ndinagula yotere yomweyo ya secondhand, wogulitsa ananditsimikizira kuti batire imakhala maola anayi, kufika nayo ku Bvumbwe mphindi 20 yazima, kumuimbira foni sikupezeka mpaka lero. Ngati mukupita musapite nokha, muizule pa chaja mukhale nayo pompo ola lathunthu mukuonera vidiyo, akakana dziwani kuti pali chinachake

Gogo Headmaster: Ine ndikanati ndalamayo isungidwe ya fizi. Malo ku Domasi kapena ku koleji ya Nalikule simunawapeze, mukawapeza adzafuna ndalama, thiransipoti ya ku Zomba, ndiye mudzagulitsa laputopu yomweyo pa mtengo wolira. Pano gulani calculator ya Casio yeniyeni, silabasi ndi mapepala akale a MANEB, zotsalazo dikirani kalata ibwere

Madam Nachisale: Kalata ikamabwera mtengo udzakhala utakwera kale gogo

Bambo a Tadala: Mwandisokoneza bwino kkk. Mnyamata uja ndamuuza andisungire mpaka pa 30, wati sakulonjeza. A Sir Loweruka muli pakhomo? Ndibwere ndi thumba lija mundionetse momwe mumagawira magulu, Lolemba ndikufuna ndibwereze phunziro lija

Sir wa ku Chitakale: Bwerani m'mawa isanakwane 10, masana ndili ku maliro ku Likhubula. Mabatire mugule pa Chitakale pompa, ine anga anatha