Pulogalamu yafika kale pakati, kodi ndachedwa kufunsa odzaigwiritsa ntchito?

Akuluakulu apagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndangolowa kumene m'timu ya anthu anayi amene akhala akupanga app yowerengera katundu kwa miyezi 7 tsopano. Ma screen ambiri anatha, database (mosungira zonse zolowetsedwa mu app) inakhazikika, koma mwa anthu odzaigwiritsa ntchito palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsidwapo kanthu.

Sabata yatha ndinapatsa mayi wina foni kuti alowetse katundu watsopano. Chala chawo chinayendayenda pa screen, kenako anadina batani lofufutira poganiza kuti ndi losungira, poti ndi lomwe linali lalikulu. Anandibwezera foni ija n'kunena kuti, "Pepani bambo, zamakonozi ine zimandivuta." Zinandipweteka mumtima, chifukwa olakwa si iwo ayi, ndife.

Nditakafotokoza, wotitsogolera anati anthu tidzawafunsa tikaitulutsa. Ine mantha anga ndi oti pofika nthawiyo kukonza kudzakhala kugumula nyumba yofolera kale. Ndiyambire pati osaimitsa ntchito ya anzanga? Ndimalingalira zomwaza mafunso pa Google Forms. Ndinawerenganso zimene Jakob Nielsen, katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamu, analemba mu 2000, zoti anthu 5 okha amavumbula pafupifupi 85% ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito. Alipo anaziyesapo?

Yankho loyamba: Achimwene, simunachedwe, koma za Forms zisiyeni kaye. Munthu ukamufunsa kuti "mwaikonda?" amangoti eya pokulemekeza. Mupatseni ntchito yeniyeni, monga "lowetsani makatoni 12 amene angofika", mumupemphe azilankhula zimene akuganiza uku akudina. Inuyo pakamwa tsekani, ngakhale akusochera mukuona. Muyambe mwamuuza kuti mukuyesa app, osati iyeyo.

Yankho lachiwiri: Nambala ya 5 ija imagwira ngati anthuwo ntchito yawo ndi yofanana. Ngati pali olowetsa katundu ndi mabwana oona malipoti, amenewo ndi magulu awiri, tengani atatu kapena anayi mbali iliyonse. Mukonze zimene mwapeza, kenako muyesenso. Koma bwana wanuyo musalimbane naye pakamwa. Pemphani chilolezo kwa woyesayo, jambulani screen, mukamuonetse mphindi ziwiri zokha za munthu akuvutika.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Mayi aja avomera kubweranso Lachinayi, ndipo bwana ndawapempha adzakhale pambali n'kumangoonerera. Katsala kamodzi: tikapeza vuto lofuna kusintha database yomwe, mumalilowetsa mu sprint (gawo la ntchito la masabata ochepa) yomwe ili mkatiyi kapena mumadikira yotsatira?