Njinga yayamba kumwa mafuta: vuto ndi mnyamata kapena injini?

Mayi wa njinga ziwiri:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi njinga yamoto ya 150cc imene amayendetsa mnyamata wanga wantchito. Buku lake limati thanki ndi ya malita 11. Kale akathira yodzaza ankayenda makilomita cha m'ma 370 asanatembenuzire ku rizevu (mafuta otsala pansi pa thanki). Pano akangofika 300, njinga yayamba kale kutsamwa. Njira ndi zomwezo, katundu sanasinthe. Utsi sindikuuona, injini ikulira bwinobwino. Ena akundiuza kuti akupopa mafuta n'kumagulitsa, koma ndakhala naye nthawi yaitali, sindikufuna kumunamizira. Ndiyambire pati?

Wakabaza wakale:
Mayi, musanamuloze chala tiuzeni kaye. Makilomita 300 amenewo mwawerenga nokha pa mita kapena mwachita kuuzidwa? Nanga yodzazayo amadzaza mpaka pati? Wina akaona mafuta ayandikira kukamwa kwa thanki amati yadzaza, wina amadikira afike pakhosi penipeni. Njinga ikatsamira pa sitandi ya m'mbali siilandira mafuta ofanana ndi itaima chilili. Pamenepo pokha mutha kusiyana ndi theka la lita, ndipo theka la lita pa njinga ngati yanuyo ndi makilomita 20.

Makaniko:
Achimwene anenazo ndi zoona. Rizevu si muyeso wabwino. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi kathanki kena kapadera, pamene ndi mafuta omwewo a m'thanki imodzi. Kampopi kotsegulira mafuta pansi pa thanki kali ndi timapaipi tiwiri m'kati, kakatali ndi kakafupi. Mukaika pa ON mafuta amalowera ku kakatali, akatsika kupyola mutu wake injini imayamba kutsamwa. Mukatembenuzira pa RES amalowera ku kakafupi, kamene kamakoka otsala pansi. Ndiye malita 11 a m'bukuwo rizevu ili momwemo. Pa njinga zazing'onozi imakhala cha m'ma malita 2, kutanthauza kuti amene mukuwawerengera inu ndi 9 okha.

Yezani chonchi. Pitani naye limodzi pa pampu, njinga iime pa sitandi ya pakati, adzaze mpaka pamalo pamene mwaika chizindikiro m'maso mwanu. Lembani nambala ya pa mita. Agwire ntchito monga mwa masiku onse, makilomita osachepera 200. Kenako mubwerere pa pampu yomweyo, adzazenso mpaka pomwe paja. Malita amene alowa ulendo wachiwiriwo ndi amene njinga yamwa. Gawani makilomita ndi malitawo. Ngati mtima sukukhazikika, makiyi a thanki akakhala apadera sungani inuyo, apo ayi matani kapepala kosayinidwa pachivundikiro masiku oyezawo. Mnyamatayo mumuuze poyera kuti mukuyeza njinga.

Wa 125 yofiira:
Zonsezi n'zochedwetsa. Mayi, ingopitani akakuikireni jeti (kabowo kodutsa mafuta) yaing'ono m'kabuleta, mosakanizira mafuta ndi mpweya muja, kapena atsitse singano. Yanga ndinatero, pano imangonunkhiza mafuta.

Makaniko:
Ayi ndithu, aphwanga, malangizo amenewo asawatsatire. Petulo amapsa bwino akasakanikirana ndi mpweya pa mlingo wa pafupifupi 14.7 wa mpweya pa 1 wa petulo, poyeza kulemera. Mukamana injini mafuta imatentha kwambiri, ndipo injini zathuzi zimazizira ndi mphepo yokha, zilibe madzi. Mudzasunga timalita tingapo, kenako mudzagula mavavu ndi pisitoni. Masulani pulagi yanuyo muione, ndikukhulupirira kuti yayera mbuu. Komanso njinga ya mayiwa inkayenda bwino ndi jeti yomweyo. Jeti sinakule yokha usiku.

Wa 125 yofiira:
Pulagi ndiiona mawa. Koma mpaka pano sinandivutepo.

Woperekera katundu:
Ine ndingowonjezera za dzanja. Njinga imodzimodzi, anthu awiri, mafuta amasiyana. Mphepo imene imakukankha pachifuwa siikula mofanana ndi liwiro. Ukawirikiza liwiro kawiri, iyo imakula kanayi. Ndiye munthu wozolowera 60 akayamba kuthamanga 85 kuti apeze maulendo ambiri, thanki imaona. Chimodzimodzi kukoka moto mwamphamvu ponyamuka, kuchedwa kusintha magiya, ndi kusiya injini ikulira podikira kasitomala. Yanga ndi ya injekishoni, ilibe kampopi ka rizevu, imangoyatsa kanyali. Kwa amene muli ndi zoterezi, musazolowere kuyenda mpaka thanki iume, chifukwa pampu yake ili m'thanki momwemo ndipo imazizira ndi mafutawo.

Wakabaza wakale:
Poyembekezera muyesowo, mayi, m'mawa musanailize yang'anani pansi pamene yagona. Kenako tsegulani kampopi, dikirani pang'ono, muone kapaipi kamene kamatsika kuchokera pansi pa kabuleta. Kakamadontha, ndiye kuti fuloti (choyandama choletsa mafuta kusefukira m'kabuleta) kapena kasingano kake sikakutseka. Petulo amauma msanga, nthawi zina pansi simupeza chonyowa, mumangomva fungo. Onaninso tchoki, ija yochulukitsa mafuta poliza injini yozizira. Alipo anyamata amene amaikoka m'mawa n'kuiwala kuibweza, tsiku lonse njinga ikumwa ngati yozizira.

Mayi wa njinga ziwiri:
Ndabwera ndi zotsatira. Tinachita monga munanenera, bambo makaniko. Yayenda makilomita 204, yalandira malita 6. Kapepala ka pachivundikiro sikanang'ambidwe. Ndiye ndi 34 pa lita, pamene kale ikanakhala 41. Kudontha palibe, tchoki ili m'malo mwake. Pulagi tamasula, nsonga yake ndi yofiirira pang'ono, si yakuda. Sefa ya mpweya inali ndi fumbi koma osati lambiri, tayeretsa.

Makaniko:
Pamenepo mwatithandiza kwambiri. Pulagi ikanakhala yakuda bii ndi mwaye wouma, tikanati mafuta akuchuluka m'kabuleta kapena sefa yatsekeka. Ikanakhala yonyowa ndi oyilo, tikanakamba za maring'i. Yofiirira ikutiuza kuti injini ikuwotcha bwino. Ndiye kabuleta asaikhudze aliyense. Mafuta akupsa bwino, koma mphamvu yake ikutayika penapake pakati pa injini ndi msewu. Funso langa ndi ili: chomaliza kukonzedwa pa njingayi vutoli lisanayambe n'chiyani? Ngakhale chimene mukuchiona ngati chaching'ono.

Mayi wa njinga ziwiri:
Injini sinatsegulidwepo. Tinangosintha tcheni ndi masipuloketi onse awiri (timawilo ta mano tokoka tcheni) chifukwa zakale zinatha. Anagula ndi mnyamatayo, anamangira munthu wina amene sindimudziwa.

Makaniko:
Eya, tayandikira. Chitani zinthu ziwiri lero lomwe.

Choyamba, imikani njinga pa sitandi ya pakati, giya ili pa fili, muzungulitse tayala la kumbuyo ndi dzanja. Lizizungulira momasuka ndithu musanalione likuima. Likangoyenda pang'ono n'kuima, kapena mukamva kukhwekhwereza, buleki ikugwira. Zimachitika kawirikawiri tcheni chikasinthidwa kapena kukungidwa. Kuti tcheni chikhale bwino tayala limasunthidwa, ndipo likabwerera m'mbuyo, kandodo ka buleki kamakokeka nako. Womanga akaiwala kumasula nati ya kumapeto kwa kandodoko, nsapato za buleki zimakhala zikukhudza dilamu (chitsulo cha pakati pa tayala chimene zimagwira poima) ulendo wonse. Woyendetsa sazindikira msanga, amangowonjezera moto pang'ono. Njira ina yodziwira: ayende mtunda pang'ono osaponda buleki ya kumbuyo, aime ndi ya kutsogolo, muyandikize dzanja pa dilamu mosamala. Ikatentha, nkhani ndi imeneyo. Pomwepo onaninso tcheni. Pakati pake chizisewera mmwamba ndi pansi masentimita 2 kapena 3. Chokungika kwambiri chimadya mphamvu, chimaononganso mabering'i.

Chachiwiri, tsegulani kachivundikiro ka sipuloketi ya kutsogolo muwerenge mano, kapena muwerenge nambala yodindidwa pamenepo. Muyerekeze ndi yakale ngati ilipo, apo ayi ndi buku. Ya kumbuyonso chimodzimodzi.

Wakabaza wakale:
Mukapita kumeneko muyezetsenso mpweya wa m'matayala ndi geji, osati kungofinya ndi chala. Muyeze matayala asanatenthe. Nambala zake zili m'buku kapena pa kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni, ndipo ya kumbuyo imakwera mukamanyamula munthu.

Mayi wa njinga ziwiri:
Bambo makaniko, zonse ziwiri! Tayala limangozungulira theka n'kuima. Dilamu inatentha moti sindinathe kuigwira. Sipuloketi yakale tinaipeza, ili ndi mano 14, yatsopanoyi 13. Ya kumbuyo ndi yofanana. Mnyamatayo akuti anaona kuti njinga ikunyamuka mwamphamvu kuposa kale, ankayesa kuti ndi ubwino wa tcheni chatsopano. Tayala la kumbuyo linalinso lochepa mpweya.

Makaniko:
Sakunama, imanyamukadi mwamphamvu. Dzino limodzilo likutanthauza kuti pa liwiro lomwelo injini ikuzungulira kwambiri ndi pafupifupi 8 pa 100 alionse. Ndiye pamene kale giya yomaliza inkayenda mofatsa, pano ikukuwa. Ndipo pa njinga zimene waya wa mita umachokera ku tayala la kutsogolo, mita siisokonekera ndi sipuloketi, n'chifukwa chake makilomita anu aja ndi oona. Koma pa ziwirizi wakuba wamkulu ndi buleki. Masulani natiyo mpaka tayala lizungulire momasuka, chopondera chikhale ndi kampata ka masentimita 2 kapena 3 chisanayambe kugwira. Atsegulenso aone nsapato, chifukwa zikatentha nthawi yaitali zimasalala n'kusiya kugwira bwino. Sipuloketi yakale yothayo musaibwezeretse pa tcheni chatsopano, ichidya msanga. Gulani yatsopano ya mano 14.

Wa 125 yofiira:
Ine ndikanasiya ya 13 yomweyo. Ukamanyamula katundu wolemera m'zitunda imathandiza, sumangosinthasintha magiya.

Makaniko:
Apa mwanena zomveka, aphwanga. Wa m'zitunda ndi katundu wolemera ya 13 imamuyenera, mwinanso mafuta sangasiyane kwenikweni. Koma mayiwa akudandaula za mtunda wa thanki, ndiye abwerere ku 14. Nanga pulagi yanu ija munaiona?

Wa 125 yofiira:
Ndinaiona. Tikambirana kumbali.

Mayi wa njinga ziwiri:
Takonza buleki, taika ya mano 14, tapopa matayala, tayezanso. Makilomita 205, malita 5. Ndi 41 pa lita. Zikomo nonse. Ndafunsa kale mnyamata wa njinga yachiwiri kuti abwere nayo Loweruka tiiyezenso. Funso lina laling'ono: mnyamata wa njinga takonzayi amakonda kusiya kampopi pa RES nthawi zonse, akuti kutembenuza ali pamsewu kumamusokoneza. Zili ndi vuto?

Wakabaza wakale:
Mafuta siimwa ambiri chifukwa cha zimenezo, koma tsiku limene idzatsamwe adzakhala alibe potembenuzira, adzaikankha. Aike pa ON, ndipo akathira mafuta azikumbukira kubweza. Kamodzikamodzi aziyendako pa RES thanki ili ndi mafuta ambiri, kuti madzi ndi zinyalala zisaunjikane pansi n'kudzalowa zonse pa tsiku limene akuifunadi rizevuyo. Pa 41 pa lita, malita 2 amenewo ndi makilomita 80, koma mumuuze aziwerengera 50.