Patrão akuti atipatse gawo la kampani m'malo mwa malipiro otsalira. Tivomere?

Spanala_Matundo:

Moni nonse. Ndine makaniko pa kampani ina yokonza mathiraki kuno ku Tete, cha ku Matundo. Ntchito yathu yambiri inkachokera kwa onyamula katundu a kumigodi ya malasha ku Moatize, koma makasitomala akuluakulu anachoka, ndipo otsalawo amatenga galimoto n'kumati tilipira mawa. Malipiro a miyezi itatu sitinawaone.

Lachisanu patrão, mwini kampani, anatiitana tonse. Akuti ndalama palibe, koma atha kutipatsa gawo la kampani m'malo mwa malipiro otsalirawo, ndipo amene ali ndi kangachepe aonjezere kuti gawo lake likule. Mnzathu wa zamagetsi ndiye watengeka kale. Akuti ku America, chuma chitagwa mu 2008, antchito a m'mafakitale a galimoto anagula masheya atatsika mtengo ndipo analemera. Ine kubanki kuli 40,000 meticais, koma si zanga ndekha, ndi za malata a nyumba imene tikumanga ndi mayi akunyumba ku Ulongwe. Nkhani ya ku America ija ndi yoona? Tivomere kapena ayi?

Contabilista_Chingodzi:

Achimwene, mnzanuyo wakuuzani theka lokoma. Masheya a Ford anatsikadi kufika pafupi ndi dola imodzi mu Novembala 2008, ndipo pofika kumapeto kwa 2010 anali atadutsa madola 16. Wogula nthawi imeneyo anasekerera. Koma Ford inapulumuka chifukwa mu 2006, zinthu zisanathine, inali itabwereka kale madola oposa 23 biliyoni, n'kupereka chikole pafupifupi chilichonse, ngakhale chizindikiro chake chabuluu chija. Mavuto atafika inali ndi ndalama m'thumba.

Tsono mufunseni za General Motors. Nayonso masheya ake anali otchipa, ndipo anthu ambiri amene anagwira ntchito kumeneko moyo wawo wonse ankati kampani yaikulu chonchi singagwe. Pa 1 Juni 2009 inapita kukhoti kukanena kuti yalephera kubweza ngongole. Panabadwa GM yatsopano, boma la America linatenga gawo loposa 60 peresenti, koma eni masheya akale sanapatsidwe kanthu. Masheya amene anayamba kugulitsidwa mu Novembala 2010 pa madola 33 anali a kampani yatsopanoyo. Wantchito amene anaika penshoni yake m'masheya akale, fakitale yake n'kutsekedwanso, analira kawiri. Mu Novembala 2008 Ford ndi GM zonse zinkaoneka zodwala mofanana. Amene akusimba lero akusimba akudziwa kale imene inachira.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa nkhani yanu si America ayi. Panopa kampani ili nanu ngongole. Ikatsekedwa, malipiro a antchito ali m'gulu la ngongole zimene lamulo limaika patsogolo. Mwini gawo amalandira komalizira, banki, boma ndi ogulitsa masipeyala atatenga zawo, ndipo kawirikawiri sipatsala kanthu. Mukasaina pepalalo mwachoka nokha kutsogolo kwa mzere n'kukaima kumbuyo. Za malata zija musazikhudze n'komwe.

Madala_wa_ku_Songo:

Mwana wanga, ine masheya ndili nawo, a HCB, kampani ya magetsi ya ku damu la Cahora Bassa. Ndinagula mu 2019 pa 3 meticais imodzi, ndipo sindidandaula. Koma awa ali pa Bolsa de Valores de Moçambique, msika wa masheya wa dziko lino. Mtengo wake umadziwika, malipoti a chuma amasindikizidwa, ndikafuna kugulitsa ndimapita kubanki. Kampani yanuyo ngati dzina lake limathera ndi Lda, chimene akupatseni ndi quota, gawo limene siligulitsidwa pa msika wa masheya. Mudzaigulitsa kwa yani? Wogula amakhala patrão yemweyo, pa mtengo umene iye wakonda. Ndiponso phindu limagawidwa eni gawo lalikulu akavomereza. Iye atha kumadzilipira malipiro abwino a woyang'anira, chaka n'kutha buku likunena kuti phindu palibe.

Zodalira malasha nazo muziziyang'ana ndi diso limodzi. Kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inagula migodi ya kuno pa madola pafupifupi 4 biliyoni mu 2011, n'kuigulitsa pa madola 50 miliyoni mu 2014. Amenewo anali ndi akatswiri odzaza ofesi.

Dalaivala_Zobue:

Ine ndikusiyana nanu pang'ono. Kutsogolo kwa mzere n'kwabwino ngati m'nkhokwe muli chimanga. Kampani ikatsekedwa mawa, mukayenda ku khoti mpaka nsapato kutha, ndipo ntchito ya umakaniko ku Tete masiku ano sikupezeka pamsewu.

Amayi a ku Chingodzi asiya Chrysler, kampani inanso ya galimoto ya ku America. Nayonso inagwa pa 30 Epulo 2009. Inali ndi ngongole yaikulu ku thumba lolipirira chipatala antchito opuma a UAW, bungwe la antchito a m'mafakitale a galimoto, ndipo thumbalo linavomera kulandira masheya oposa theka la kampani yatsopano m'malo mwa gawo la ndalamazo. Mu Januwale 2014 Fiat, kampani ya galimoto ya ku Italy, inagula masheya otsala a thumbalo pa madola oposa 4 biliyoni. Kumeneku si kusandutsa ngongole kukhala gawo, monga akunenera patrão wanuyo? Zinayenda.

Contabilista_Chingodzi:

Zinayenda, bambo, koma onani amene anali patebulo. Anakambirana ndi bungwe la antchito lokhala ndi maloya, mabuku onse atatsegulidwa pamaso pa khoti, ngongole zakale zambiri zitadulidwa, Fiat itabwera kudzayendetsa, boma la America litathira madola pafupifupi 80 biliyoni m'makampani a galimoto. Ku Matundo akuthira ndalama zatsopano ndani? Ngati ndi amakaniko okha, ndiye kuti banki inakana kale.

Sindikuti kanani osamva. Pemphani balanço (lipoti la chuma ndi ngongole za kampani) ya zaka ziwiri zapitazi, mndandanda wa amene kampani ili nawo ngongole ndi amene ali nayo ngongole, komanso umboni woti INSS yanu, ndalama za penshoni za kuboma, ikulipiridwa. Mupite nazo kwa wowerengera ndalama amene si wa patrão. Akavomera kuonetsa, kambiranani monga gulu, mwina mwezi umodzi usanduke gawo, iwiri ikhalebe ngongole yolembedwa ndi masiku olipirira. Gawolo lilembedwe ku Conservatória, ofesi ya boma yolembetsa makampani, osati pa pepala la mu ofesi.

Spanala_Matundo:

Zikomo nonse. Ndi Lda ndithu, ndaona pa chikwangwani. Ndinafunsa mlongo wathu wa mu ofesi, akuti makina onyamulira galimoto ndi thiraki yokokera zowonongeka zonse ndi chikole kubanki, ndipo za INSS wangoti ndikadzionere ndekha. Lolemba ndipita kumeneko ndi khadi langa. Anzanga asanu ndi awiri avomera kuti tipemphe mabukuwo limodzi, wa zamagetsi uja akuti iye asaina basi. Amayi a ku Chingodzi, kuti munthu atiwerengere balanço yotereyi amalipiritsa ndalama zingati kuno ku Tete? Tikufuna tisonkhe.